Kubzala ndi kusamala marozi kuno ku Harare

Musanapite ku nazale kukasankha mtundu wa duwa, werengani kaye madzi amene muli nawo. Rozi wamkulu mmodzi amamwa malita pafupifupi 30 pa sabata m'miyezi yotentha ya Sepitembala ndi Okutobala. Marozi khumi ndiye kuti malita 300, kapena zigubu 15 za malita 20, sabata iliyonse mpaka mvula itagwa mu Novembala. Amene ali ndi mjigo pakhomo angathe kubzala bedi lonse. Koma ngati mpopi wanu umatulutsa madzi masiku awiri pa sabata, kapena mumatunga pachitsime cha anthu ambiri monga zilili m'madera ena a Mabvuku, Tafara ndi Epworth, yambani ndi mitengo itatu kapena inayi. Marozi ambiri amene amafa mumzinda muno amafa ndi ludzu la Okutobala, ndipo tizirombo timene eni ake amatiloza chala timangobwera kudzamaliza mtengo umene wafooka kale.

Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamene palekezera nyanja yamchere. Dzuwa limawala mokwanira, usiku kumazizira bwino, ndipo n'chifukwa chake alimi a dziko lino ankatumiza marozi ambiri ku Ulaya m'zaka za m'ma 1990. Nyengo ikutikomera. Chofunika ndi kutsata kalendala yathu. Mabuku a ku England amati mudulire mu Malichi. Kuno mukatero mwadula mtengo uli pakati pa ntchito yake.

Malo

Rozi amafuna dzuwa maola 6 kapena kuposa, makamaka la m'mawa limene limaumitsa mame msanga. Mbali ya kum'mawa kapena kumpoto kwa nyumba ndiyo yabwino, poti m'nyengo yozizira dzuwa limadutsira kumpoto ndipo mbali ya kum'mwera imakhala pamthunzi. Pewani kuyandikira mpanda wa simenti wa durawall umene umawombedwa ndi dzuwa la madzulo. Simenti imasunga kutentha mpaka usiku, ndipo pamalo otero tizirombo ting'onoting'ono totchedwa akangaude ofiira sitichedwa kuswana. Siyani mita yathunthu pakati pa mpanda ndi mtengo.

Talikiraninso mitengo ikuluikulu. Mizu ya jakaranda, mapeyala, mabulosi ndi mango imapita kutali kuposa pamene pafika mthunzi wake, ndipo ikangomva chinyezi cha bedi lanu imalowamo. Chizindikiro chake n'choti mukuthirira mokwanira koma dothi likuuma tsiku lomwelo, ndipo mukakumba mukupeza timizu tambirimbiri tolukanalukana. Ngati palibe malo ena, kumbani ngalande yakuya masentimita 60 pakati pa mtengowo ndi bedi, dulani mizu, ikani lata lakale choimirira n'kukwirira. Mudzafunika kubwereza ntchitoyi pakapita zaka ziwiri kapena zitatu.

Dothi ndi dzenje

Mumzinda muno muli dothi la mitundu itatu. Kumpoto ndi kumpoto chakum'mawa, monga ku Mount Pleasant, Highlands ndi Borrowdale, kuli katondo wofiira, wachonde koma wogwirana. Madera ambiri akum'mwera, kulowera ku Chitungwiza, ndi amchenga: madzi ndi feteleza zimadutsa mofulumira. M'madambo muli makande akuda amene amasweka ming'alu m'chilimwe n'kusanduka matope m'dzinja.

Kumbani dzenje la masentimita 60 mulitali, 60 mulifupi ndi 60 kuya. Dothi la pamwamba muliike mbali imodzi, la pansi mbali ina. Ndi foloko, zaulani pansi ndi m'mbali mwa dzenje, chifukwa khasu likasalaza katondo mizu imalephera kuboola ndipo imangozungulira momwemo. Kenaka dzazani dzenjelo ndi madzi madzulo. Mukapeza madzi akadalimo m'mawa, pamenepo mizu idzaola mu Januwale. Kwezani bedi ndi masentimita 25 mpaka 30 pogwiritsa ntchito njerwa kapena miyala, n'kubzala pamwamba.

Sakanizani dothi la pamwamba lija ndi ndowa ziwiri za manyowa a ng'ombe owolerana bwino kapena kompositi, ndi dzanja limodzi lodzaza la feteleza wa single superphosphate. Pamchenga onjezerani ndowa yachitatu ya manyowa. Manyowa owolerana amakhala akuda, ofumbutuka, osanunkha ndowe. Zitosi za nkhuku za broiler zimene zangochotsedwa m'khola n'zamoto kwambiri. Ziunjikeni, zithirireni, zikhale miyezi itatu musanaziyandikitse ku mizu. Mukakumana ndi zidutswa za simenti zimene omanga nyumba anakwirira, chotsani zonse. Laimu wa m'simenti amachititsa masamba kuyezuka kwa zaka.

Konzani maenje masabata awiri musanabzale kuti dothi likhazikike. Atalikirane masentimita 70 mpaka 80 kwa marozi wamba, ndi mamita awiri kwa oyanga.

Kusankha mtengo

Ogulitsa amagawa marozi m'magulu. Hybrid tea amatulutsa duwa limodzi lalikulu pa phesi lalitali, loyenera kuika m'botolo la patebulo. Floribunda amatulutsa maluwa m'magulumagulu ndipo sapuma nthawi yaitali. Palinso oyanga, ndi timarozi ting'onoting'ono ta m'miphika.

Woyamba kumene ayambe ndi Iceberg, floribunda woyera amene anatulutsidwa ndi a Kordes ku Germany mu 1958. Amapirira, amaphukira msanga akavulala, ndipo m'makomo ambiri a ku Harare ndiye amatsala wamoyo anzake onse atapita. Queen Elizabeth wa pinki ndi wolimbanso, amakula kuposa msinkhu wa munthu. Ofuna fungo asankhe Mister Lincoln kapena Papa Meilland, onse ofiira kwambiri, kapena Double Delight, woyera pakati ndi wofiira m'mbali. Awa amafuna diso la mwini wake nthawi ya mvula. Peace, wachikasu chosakanikira ndi pinki, ndi wotchuka kuyambira 1945, koma matenda a madontho akuda amamukonda.

Pogula, musakopeke ndi duwa limene laphuka pamwamba. Yang'anani pansi. Marozi ambiri a ku nazale ndi omezanitsa: mizu ndi ya mtundu wina wolimba, ndipo duwa lenilenilo limayambira pamfundo yotupa imene ili pamwamba pang'ono pa dothi. Mtengo wabwino uli ndi nthambi zitatu zonenepa ngati pensulo zochokera pamfundo imeneyi. Gwedezani tsinde pang'ono. Likamagwedera m'pepala ndiye kuti laikidwamo posachedwa ndipo mizu sinagwire. Tembenuzani masamba muone kunsi kwake. Mukaona timaukonde kapena timadontho toyenda, usiyeni komweko.

Kubzala

Rozi wa m'pepala atha kubzalidwa mwezi uliwonse, koma nthawi ziwiri n'zabwino koposa: Ogasiti, chisanu chikatha, ndi Malichi mpaka Epulo, mvula ikamatsika dothi likadali lofunda. Amene madzi ndi ovuta asankhe Malichi, kuti pofika chilimwe mizu ikhale italowa pansi.

Thirirani mtengo uli m'pepala ola limodzi musanabzale. Ng'ambani pepala ndi mpeni, osakoka tsinde. Mizu ikakhala yozungulira pansi, imasuleni pang'ono ndi zala. Khazikani mtengo kuti mfundo ija ilingane ndi nthaka kapena ilowe pansi masentimita awiri kapena atatu. Mukaisiya pamwamba kwambiri dzuwa la Okutobala limaiwamba ndipo siitulutsa nthambi zatsopano. Mukaizamitsa kwambiri mtengo umachedwa kukula. Kwirirani, tsenderani ndi phazi mopepuka, umbani kamkombero ka dothi mozungulira, n'kuthira malita 20 nthawi imodzi. Sabata yoyamba thirirani tsiku lililonse, yachiwiri ndi yachitatu dumphitsani tsiku, kenaka kawiri pa sabata. Feteleza adikire masabata asanu ndi limodzi.

Kuthirira ndi kuphimbira

Malita 15 kawiri pa sabata ndi abwino kuposa kapu imodzi tsiku ndi tsiku. Madzi ochepa amanyowetsa pamwamba pokha, mizu imakwera kuwatsata, ndipo tsiku limene mpopi wauma mtengo umafota. Thirani pang'onopang'ono m'kamkombero, m'mawa. Pamchenga gawani madzi omwewo katatu. Kuti mudziwe ngati akulowa, pisani chala chonse m'dothi tsiku lotsatira; kunsonga kwa chala kuzimveka chinyezi.

Phimbirani ndi udzu wouma, masamba kapena makoko a mtedza, kuchindikala kwake masentimita 5 mpaka 8. Kuphimbira kumachepetsa madzi ouluka ndi dzuwa ndipo kumaziziritsa mizu. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira tsinde, chifukwa chiswe chimatsata udzu wouma ndipo ukakhudza khungwa chimakwera. Chiswe chimakonda mtengo waludzu. Wothiriridwa bwino nthawi zambiri chimaulambalala.

Madzi otsukuluzira zovala komaliza ndi osambira angathandize nthawi ya mavuto. Oyamba kuchapira, a sopo waufa kapena a jiki, ali ndi mchere umene umawononga dothi ndi kupsereza m'mbali mwa masamba. Amenewo atayeni kwina.

Kudulira

Apa m'pamene ambiri amaopa, mwina kumvera mtengo chisoni. Rozi wosadulira amatalika, pansi pake pamakhala mbee opanda tsamba, ndipo maluwa amachepa chaka ndi chaka. Nthawi yake ndi kumapeto kwa Julayi mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti. Pofika holide ya Heroes, imene imakhala Lolemba lachiwiri la Ogasiti, ntchito ikhale itatha. Okhala pafupi ndi dambo, monga m'mbali mwa mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba kumene chisanu chimatsikira, achedweko mpaka pakati pa Ogasiti, chifukwa mphukira zanthete zikagwidwa ndi chisanu zimada n'kufa.

Zida ndi sizasi yodulira maluwa yakuthwa, kasowo kakang'ono ka nthambi zonenepa, ndi magolovesi achikopa chifukwa cha minga. Sizasi yobuntha imaphwanya nthambi, ndipo pophwanyikapo m'pamene kufa kwa nthambi kumayambira n'kumatsika.

Yambani ndi kufupikitsa mtengo wonse kufika m'chiuno kuti muone bwino mkati. Chotsani nthambi zouma, zodwala, zopyapyala kuposa pensulo, ndi zolowa mkati kapena zokhulana. Tsopano sankhani nthambi zitatu mpaka zisanu zimene zitsale: zobiriwira, zosalala, zotambalala mbali zosiyana. Zakale za khungwa lotuwa ndi long'aluka zidulidwe pamfundo penipeni, osasiya chitsa. Zotsalazo zifupikitseni kufika pabondo kapena kupitirira pang'ono, masentimita 50 mpaka 60.

Podula paliponse funani diso. Ndi kachotupa kakang'ono, nthawi zina kofiirira, kamene kali pamwamba pa chipsera cha pamene panali tsamba. Sankhani diso loyang'ana kunja kwa mtengo, dulani theka la sentimita pamwamba pake, mopendeka kuti madzi asaime. Nthambi yatsopano imalowera kumene diso layang'ana, ndiye mukasankha la mkati mwadzaza pakati pa mtengo ndipo mphepo siidutsa. Yang'ananinso mtima wa podulapo. Ukakhala woyera, nthambi ili bwino. Ukakhala wabulauni, tsikani diso lina mpaka mupeze woyera.

Iceberg ndi floribunda anzake safuna kudulidwa mozama; chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu kapena theka. Oyanga musawadule nthambi zikuluzikulu. Zigonekeni chopingasa pa waya kapena pampanda n'kuzimanga, ndipo timphanda ta m'mbali tifupikitseni kusiya maso awiri kapena atatu. Nthambi yogona imatulutsa maluwa m'litali mwake monse, yoimirira imaphukira kunsonga kokha.

Mukatha, thotholani masamba onse otsala, sesani pansi, ndipo zinyalalazo zitenthedwe kapena zitayidwe kutali, osaziika pa kompositi. Poperani nthambi ndi dothi ndi mankhwala a lime sulphur mkati mwa masiku awiri kapena atatu, maso asanatseguke, poti amapsereza masamba anthete. Thirani manyowa ndowa imodzi pa mtengo, palasirani mopepuka, ikani feteleza, thirirani kwambiri n'kuphimbiranso. Pakatha masabata asanu ndi awiri mpaka asanu ndi anayi, kumapeto kwa Sepitembala ndi mu Okutobala, mudzaona maluwa abwino koposa a chaka chonse. Ndi nthawi yomweyonso imene kutentha kumafika pachimake, choncho zigubu zija zisaphonye.

Feteleza

Bokosi la machesi lodzaza limatenga magalamu pafupifupi 20 mpaka 25 a feteleza. Mukadulira, perekani mabokosi awiri a Compound D, wa 7:14:7 uja wa chimanga, pa mtengo uliwonse. Kuyambira Sepitembala mpaka Epulo perekani bokosi limodzi kapena limodzi ndi theka mwezi uliwonse. Mukapeza feteleza wa potashi wambiri, monga Compound J kapena wolembedwa kuti ndi wa marozi ndi zipatso, ndiye woyenera miyezi ya maluwa, chifukwa potashi amalimbitsa phesi ndi tsamba. Ammonium nitrate ndi waukali, ali ndi nayitirojeni 34.5 peresenti, supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri zakwana masamba akayezuka mvula itakokolola chakudya. Mukachulukitsa mumapeza nthambi zofewa zimene nsabwe za zomera zimathamangira.

Mwazani feteleza mozungulira, kutali ndi tsinde, pa dothi lonyowa kale, kenaka thirirani. Pa dothi louma amawotcha mizu, ndipo mawa lake m'mbali mwa masamba mumapsa. Meyi, Juni ndi Julayi mtengo upume: osathira feteleza, madzi kamodzi pa sabata.

Masamba atsopano akakhala achikasu koma mitsempha yake ili yobiriwira, mtengo ukulephera kutenga ayironi. Zimachitika ndi madzi ena a pamjigo okhala ndi laimu wambiri, phulusa lochuluka, kapena mizu yomira m'madzi. Mankhwala a iron chelate amathandiza msanga, koma konzaninso gwero lake. Masamba akale a m'munsi akayamba chikasu pakati pa mitsempha, sungunulani supuni yaikulu imodzi ya mchere wotchedwa Epsom salts m'malita asanu a madzi n'kuthira pamizu.

Mphukira ziwiri zosiyana

Kuchokera pamfundo pamatuluka nthambi zonenepa, zofiirira, zofewa. Zimenezi ndiye tsogolo la mtengo. Zimangirireni ku kamtengo kuti mphepo isazithyole. Koma kunsi kwa mfundo, m'dothi, mumatha kutuluka mphukira ya mizu ija, yobiriwira motuwa, yamasamba ang'onoang'ono, yokula mofulumira. Ikasiyidwa imalanda chakudya chonse ndipo duwa limene munagula limafa. Fukulani dothi mpaka poyambira pake, ikokeni izuke. Mukaidula pamwamba imaphukira pawiri.

Matenda ndi tizirombo monga mwa nyengo

Ogasiti ndi Sepitembala, nsabwe zobiriwira zimaunjikana kunsonga zanthete. Zifikiseni ndi zala kapena zigwetseni ndi madzi. Zikachuluka, supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi, kupopera madzulo. Nyerere zikamakwera ndi kutsika pa tsinde, pamwamba pali nsabwe. Nthawi yomweyi, masana kukamatentha usiku n'kumazizira, masamba anthete amayera ngati awazidwa ufa n'kupiringizika. Matendawa amakula pa mtengo waludzu ndi pamalo opanda mphepo. Dulani nsonga zogwidwazo ndipo thirirani mokwanira musanaganize za mankhwala.

Okutobala ndi mwezi wa akangaude ofiira. Ndi tating'ono kwambiri, timakhala kunsi kwa tsamba. Masamba a m'munsi amachita timadontho totuwa, amauma n'kugwa. Gwedezerani tsamba pa pepala loyera. Timadontho tikayamba kuyenda, ndi iwowo. Tsukani kunsi kwa masamba ndi madzi amphamvu m'mawa, masiku atatu alionse kwa masabata awiri. Mankhwala wamba ophera tizirombo nthawi zambiri amaonjezera vutoli, chifukwa amapha adani a akangaudewa iwo n'kutsala. Ngati pafunika mankhwala, funsani mankhwala opangidwira akangaude enieniwo.

Mvula ikayamba pamabwera zikumbu. Zazitali zakuda za mizere yachikasu zimadya maluwa masana. Musazifinye ndi manja, madzi ake amatulutsa matuza pakhungu. Zitoleni mutavala magolovesi m'mawa zisanachangamuke, muziponye m'ndowa ya madzi a sopo. Zabulauni zimabwera usiku n'kusiya masamba obookabooka. Nyale yoikidwa pamwamba pa beseni la madzi a sopo, chapatali ndi bedi, imagwira zambiri.

Mdani wamkulu wa Disembala mpaka Malichi ndi matenda a madontho akuda. Tsamba likakhala lonyowa maola pafupifupi asanu ndi awiri, matenda amalowa. Pamatuluka madontho akuda osasalala m'mbali mwake, tsamba limachita chikasu n'kugwa, kuyambira pansi kukwera. Mankhwala monga mancozeb, amene ambiri amawadziwa kuti Dithane M-45, amateteza tsamba labwino koma sachiza lodwala, choncho yambani kupopera mvula yoyamba ikangogwa, masiku 10 mpaka 14 alionse, ndipo sabata iliyonse mvula ikamagwa mosalekeza. Tsatani mlingo wolembedwa pa paketi, poperani pamwamba ndi kunsi kwa masamba, valani zophimba manja, mphuno ndi pakamwa, ndipo sungani mankhwala kotsekedwa kutali ndi ana. Tolani masamba ogwa. Mtengo ukayoyoka masamba onse, musaudule ndipo musauthire feteleza wambiri. Tsinani maluwa ndi nsonga zokha kuti maso a m'munsi aphuke, mudikire masamba abwerere.

Kuthyola maluwa

Duwa likafota, dulani pamwamba pa tsamba loyamba lokhala ndi timasamba tisanu. Pakatha masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri pamaphukanso. A m'nyumba muwadule m'mawa, duwa litangoyamba kutsegula, ndipo alowe m'madzi pomwepo. Chotsani masamba onse amene angamire. Musadule mapesi ataliatali ambiri pa mtengo umodzi tsiku limodzi, makamaka pa mtengo wa chaka choyamba, poti masamba ndiwo amadyetsa mizu.

Kwa ochita lendi ndi ofuna kuchulukitsa

Amene akukhala m'nyumba ya lendi angabzale mu ndowa ya malita 20 yoboola mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi pansi. Sakanizani magawo awiri a dothi, limodzi la manyowa ndi limodzi la mchenga wa kumtsinje, ndipo khazikani ndowayo pa njerwa kuti madzi azituluka. Ndowa yakuda imatentha mizu, ipakeni penti yoyera kapena ikulungeni ndi saka. M'chilimwe imafuna madzi tsiku lililonse, ndi feteleza supuni yaing'ono imodzi pa masabata awiri.

Iceberg ndi oyanga ambiri amamera kuchokera ku nthambi. Mu Epulo kapena Meyi, dulani nthambi imene yangomaliza maluwa, yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 20, yokhala ndi maso anayi. Kunsi dulani pansi penipeni pa diso, siyani masamba awiri a pamwamba okha. Zikani theka lake mu mchenga wa kumtsinje wonyowa, vindikirani ndi botolo la pulasitiki la malita awiri lodula kunsi, ikani pamthunzi wowala. Bzalani khumi, chifukwa si zonse zimagwira. Masamba atsopano amatha kutuluka mizu isanabwere, choncho musafulumire kuzula. Dikirani masabata asanu ndi atatu, kokani pang'ono, ndipo ikakana kutuluka isamutsireni m'pepala la dothi losakaniza ndi manyowa. Ikhale m'pepalamo mpaka Malichi wotsatira, kenaka ipite kudzenje.